Kansalu Kamene Ndinamanga pa Thumba la Usipa

Njinga ya malemu amuna anga inapulumuka chifukwa inali yothyoka. Tsiku limene abale awo ankagawana katundu, iyo inali kwa wokonza njinga pa Katowo, ndiye palibe amene anaikumbukira. Anatenga wailesi, mipando, ngakhale malata amene tinkasungira khitchini. Ine anandisiyira mphasa, miphika ndi mwana wanga mmodzi yekhayo, Tiwonge, ndipo sanandibisire kuti nayenso angondibwereka.

Ine ndine wa ku Dedza. Kwathu mwana ndi wa mayi ake, koma kuno ku Rumphi mwana amatsata ng'ombe. Amalume anga analandira malowolo akumwetulira, poganiza kuti ndi ulemu chabe wa anthu a kumpoto, osadziwa kuti akupereka ndi adzukulu omwe. Kwathu ndinali Naphiri, kuno ndinasanduka NyaPhiri, ndipo kwa zaka khumi ndi zinayi dzinalo silinandipwetekepo.

Alamu anga aakulu, a Msiska, ankagwira ntchito ya mu ofesi ku Mzuzu. Anali mkulu wa mpingo, munthu wa taye ngakhale pamaliro a kumudzi, wolankhula pang'onopang'ono kuti mawu ake asadetsedwe. Akazi awo anali atangobereka mapasa. Ndiye anaona kuti Tiwonge, amene anali sitandade 7, akaphunzire bwino ku tauni, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ine ndinkadziwa sukulu ya kunyumba kwawo. Mwana wa mchemwali wawo anapitako ndi makope, n'kubwerako patatha zaka zitatu manja atasupuka ndi sopo wa matewera, makope aja akadali oyera. Ndinakana pamaso pa banja lonse. Anandifunsa kuti mwanayo ndimudyetsa chiyani, ndinati ndiyamba geni. Apongozi anga ndi amene anadula nkhani: andipatse mpaka Loweruka la kumapeto kwa mwezi, tsiku la msika, pamene alamu adzabwerenso. Geni ikadzaoneka, mwana atsala. Ikapanda kuoneka, akwera galimoto.

Ndinagulitsa njinga ija, ndalama yonse n'kuimanga m'chiuno, Lachitatu ndinatsikira ku Chiweta kukagula usipa. Za ulendo wopita ndilibe nazo mawu. Munthu wopanda katundu amayenda ngati mfumu.

Lachisanu m'mawa, pa mathandala oyanikapo nsomba, ndinakumana ndi NyaKumwenda wa ku Bolero, mayi wamkulu thupi ndi mawu omwe, amene anakalambira pa geni ya usipa. Atandiona ndikugwiragwira nsomba ngati ndikusankha mikanda, anadziwa kuti ndine watsopano. Anandiphunzitsa kuthyola usipa pakati: wouma umalira, wosauma umapinda ndipo ukaolera m'njira. Anandiuza kupisa dzanja mpaka pansi pa mulu, chifukwa mchenga sukhala pamwamba. Ndinagula thumba limodzi lalikulu loyera, la usipa wonyezimira bwino, amuna a pagombe n'kulisoka kukamwa ndi chingwe. Lamulo lake, atero NyaKumwenda, thumba likasokedwa silitsegulidwa mpaka pamsika, chifukwa ukalimasula m'njira nsomba zimafumbutuka, komanso singano yake suipeza.

Kenaka anati ndimange chizindikiro, poti matumba onse a kunyanja ndi ana a mayi mmodzi. Lawo linali ndi chingwe cha nsapato chopisidwa m'chitsekerero cha botolo. Ine ndinalibe kanthu koma nsalu imene ndinavala. Chinali chaka cha chisankho, ndipo nsalu imeneyo tinalandira ulele pamsonkhano wa chipani china, yodzaza ndi nkhope ya mkulu wawo akuseka. Ndinang'amba kansalu m'mphepete, mbali imene inali ndi khutu lake, n'kumanga pakona pa thumba.

"Yayi mama," anatero NyaKumwenda. "Nsalu iyo ali nayo aliyense. Pezani china."

Akuluakulu amati wakutsina khutu ndi mnansi, koma ine makutu anga anali atatupa kale. Miyezi iwiri yathunthu anthu akhala akundiphunzitsa kaliridwe, kagwadidwe, kakhalidwe ka mkazi wamasiye, ndiye ndinali nditatopa ndi aphunzitsi. Ndinawayankha kuti thumba langa ndingalidziwe ngakhale nditatsinzina. Iwo anangoti yewo, n'kuyang'ana kumsewu.

Tinadikira kuyambira dzuwa lili pamapewa mpaka litafika pamutu. Maminibasi ankaima, kondakitala n'kununkhiza, n'kumenya chitseko. Ati anthu ovala bwino sangakhale ndi fungo la nsomba, ngati kuti kunyumba kwawo amadya maluwa. Pomaliza inabwera pikapu ya matola yochokera cha ku Chitimba, itadzaza kale matumba, kumbuyo kwake kutatsala pang'ono kukhudza msewu. Dalaivala anali wadazi, wosakonda kuyankha. Wotolera ndalama anali mlamu wake, bambo wa imvi, wakamwa ngati lumo. Thumba langa analilipiritsa kuposa mwini wake, ndipo nditadandaula anati ine ndikhoza kupinda miyendo koma thumba silingathe.

Tinakhala pamwamba pa katundu. Panali mphunzitsi atafukata katoni ya choko, bambo wina ndi batire la galimoto limene ankapita nalo kukatchajitsa ku boma, ndi amayi angapo. Moyang'anana ndi ine munakhala mayi wowonda, wofatsa, wa kupitirira Nchenachena. Anandiuza kuti iye sagula usipa, alibe mphamvu zake. Amasesa pansi pa mathandala, kutola mitu, mamba ndi zinyenyeswa zosakanikirana ndi mchenga, n'kukagulitsa kwa aphunzitsi a ku mishoni oweta nkhuku. Thumba lake linali pansi penipeni, analikweza koyambirira. Tinaona kuti tavala nsalu imodzi, tinaseka, iye n'kunena kuti chaka chino dziko lonse lavala yunifolomu. Yakenso inali yong'ambika m'mphepete. Ndinaona ndi maso angawa, koma ndinangoganiza kuti ndi umphawi.

Phiri la Chiweta si la galimoto yokalamba. Pa kona yachitatu injini inayamba kutsokomola, amuna onse anatsika n'kumayenda m'mbali atanyamula miyala yoti atchinge matayala ikafuna kubwerera. Malole a malasha ankatsika akulira mabuleki, ife n'kumadzipanikiza kukhoma la phiri. Kawiri konse tinaima kuti injini ipume, dalaivala akuithira madzi a m'chigubu mpaka anatha. Mphunzitsi anayamba kutifotokozera chimene chimachititsa injini kuwira, wotolera ndalama anamuuza kuti ngati akudziwa kwambiri atsike akankhe. Ine ndinkangowerenga dzuwa. Ndinkafuna kupeza matola omaliza a ku Hewe pa Rumphi, kuti ndikagone kunyumba pa Katowo, Loweruka m'mawa ndikayale pamsika alamu asanadzuke n'komwe.

Pa Phwezi tinaima kugula nthochi. Pa Bwengu, pamene msewu wa ku Rumphi umapatukira, dalaivala anazimitsa injini kuti akudikira okwera ena, chonsecho ngakhale nkhuku sikanapeza popondapo. Tinamuona atakhala pa chiwaya akudya tchipisi ndi nyama ya mbuzi, mosafulumira, ngati munthu amene mwana wake sakupita kulikonse. Ndinamutukwana mumtima, ndi makolo ake omwe.

Titangotsala pang'ono kufika pa mlatho wa Njakwa, tayala lakumbuyo linaphulika, galimoto inayenda chokhotakhota n'kukaima m'mbali mwa msewu, kutsogolo nthunzi ili tolotolo. Jeke inali yofooka, ndiye katundu yense anayenera kutsika. Matumba anawaimika mondanda m'mphepete mwa msewu, oyera okhaokha. Atatulutsa sipeya anapeza kuti nayo ilibe mpweya. Wotolera ndalama anaikweza pa njinga ya kabaza, ulendo wa ku boma kukaipopetsa, ife n'kutsala tikuyang'anana.

Kudikira kwa pamsewu kuli ndi makhalidwe ake. Poyamba anthu amakalipa, kenako amaseka, kenako aliyense amatulutsa kamba wake n'kumadya chobisa. Wa batire anagona pansi pa mtengo chipewa kumaso. NyaKumwenda anakhala pa thumba lawo ngati nkhuku pa mazira. Inadutsa lole ya kampeni, chimkuzamawu chikulonjeza msewu wa phula mpaka ku Hewe, achinyamata akuimba pamwamba. Tinaibayibitsa kuti itithandize, iwo anatibayibitsanso n'kupitirira. Mayi wa nkhuku uja anati iye wafika kale, pakuti apa ndi pamene amadikira zopita ku Nchenachena, ndipo anandipatsa chinangwa chophika, theka la chimene anali nacho.

Dalaivala anapempha kuti wina akatunge madzi kumtsinje wa Rukuru, injini izizire, tayala likangobwera tinyamuke. Kanjira kake n'kotsetsereka, ka miyala, ndipo palibe anasuntha. Amuna anati ndi ntchito ya amayi, amayi anati sanalipire kuti adzatunge madzi. Ine ndinali ndi Loweruka pamtima. Ndinatenga chigubu.

"Wageni sasiya thumba," anatero NyaKumwenda.

Ndinawapempha kuti andiyang'anire, anagwedeza mutu movomera, maso ali kale ndi tulo.

Pansi pamenepo madzi amathamanga pakati pa miyala ndi mkokomo woti sungamve ngakhale hutala ya galimoto. Ndinadzaza chigubu, ndinasamba kumaso, kenako ndinangopezeka ndakhala pamwala ndikulira. Chimwalirireni amuna anga ndinali ndisanakhalepo ndekha. Kunyumba kunali maso, kutchalitchi kunali maso, ndipo misozi yonse inali ndi oiyeza. Apa panalibe munthu, ndiye ndinalira ndithu mpaka kukhuta. Sindidziwa kuti ndinakhala nthawi yaitali bwanji.

Nditakwera kubwerera kumsewu, ndinapeza anthu achepa. Ati ndili kumtsinje kunabwera lole ya ku Nchenachena, yosafuna kuima nthawi, amuna anaponya katundu mwachangu, mphunzitsi ndi mayi wa nkhuku anakwera. NyaKumwenda anali akupukuta m'maso. Ndinathamangitsa maso pa mndandanda uja, ndinaona thumba loyera ndi kansalu kake pakona, mtima unakhala pansi. Ndinakhala pamwamba pake osasunthanso, ngati wageni weniweni.

Sipeya inabwera dzuwa litapendeka. Pokweza katundu, wotolera ndalama ndi wa batire anagwirizana thumba langa, onse anabuula.

"Mama, mwagula usipa kapena miyala?"

Ndinaseka monyadira. Ndinaganiza kuti amuna a pagombe anandipakirira bwino, kuti Mulungu wayamba kundikumbukira. Amati tsoka silinunkha. Langa linkanunkha usipa, n'chifukwa chake sindinalizindikire.

Pa Rumphi tinapeza matola omaliza a ku Hewe atapita kalekale. Ndinagona pakhonde la sitolo limodzi ndi amayi ena a geni, msana nditatsamira thumba. Kutacha tinakwera pikapu ina, imene inazungulira boma katatu kusaka okwera, kupita kumsika, kubwerera ku depoti, kupitanso kumsika, mpaka ogulitsa mandasi anasiya kutiitana. Inanyamuka dzuwa litakwera kale. Ndinkadziwa kuti pa Katowo msika wayamba.

Pa Bolero NyaKumwenda anatsika. Anandigwira dzanja, anandiuza kuti ndisamadzaze mbale mopitirira pofuna kukondedwa, komanso ndisakongoze achibale. Ulendo uno ndinathokoza ndi mtima wonse. Kuchoka pamenepo ndi fumbi lokhalokha. Amayi onse tinamasula nsalu n'kudzifunda kumutu, kungosiya kampata ka maso, monga timachitira pa msewu umenewu. Pa kamlatho kena ka matabwa tinatsika tonse kuti galimoto iwoloke yopepuka. Penanso tinaima theka la ola chifukwa dalaivala ankatsutsana mtengo wa mbuzi. Sindinakalipe. Ndinkaona kale mbale zanga zitandandalikidwa, ndi nkhope ya alamu ikusowa poyang'ana.

Tinafika pa Katowo masana. Tiwonge anali atagwira malo kuyambira m'mawa, pafupi ndi ogulitsa nyemba, atayala pepala la pulasitiki ndi timbale tiwiri toyezera. Atandiona analumpha. Apongozi anali atakhala pa mpando pakhonde la telala, alamu ataima pambali pawo ndi chikwama chawo cha mu ofesi. Usipa unali utasowa masabata awiri, ndiye amayi atangomva fungo anatizungulira thumba lisanafike n'komwe pansi. Ndinabwereka lezala, ndinadula chingwe, ndinapendeketsa thumba kuti nsomba zikhuthuke zambiri nthawi imodzi, anthu aone.

Unatuluka mchenga. Kenako mitu, mamba, tizidutswa ta udzu wa pathandala, fumbi lotuwa limene linatiyetsemulitsa. Ndinapisa dzanja mpaka m'chigongono, monga anandiphunzitsira, kufuna usipa wanga pansi. Munalibe ngakhale umodzi wathunthu. Mayi wina anafunsa ngati ndikugulitsa ndiwo za anthu kapena za nkhuku, ena anaseka, ena anachoka mwakachetechete, ndipo amenewa ndi amene anandipweteka kwambiri.

Tiwonge sanaseke kapena kulira. Anagwira kansalu ka pakona, anakatambasula, n'kukayerekeza ndi pong'ambika pa nsalu yanga.

"Amama, yanu yachoka khutu. Apa pali diso."

Mpaka lero sindidziwa ngati mayi uja anadziwa. Mwina amuna a pa lole anangoona kansalu n'kuponya, iye akazindikira atafika. Mwina anamva kupepuka kwa thumba n'kukhala chete, poti nayenso ali ndi ana. Masiku ena ndimamukhululukira chifukwa cha chinangwa chija, masiku ena ndimaganiza kuti chinangwacho chinali malipiro. Dzina lake sindinafunse, mudzi wake sindiudziwa, ndipo ndalama yokwerera kukamusaka m'mapiri a Nchenachena ndinalibe. Koma ndikamutukwana, mawu a NyaKumwenda amandiyankha, ndiye mkwiyo umabwerera kwa mwini wake.

Alamu akanakalipa bwenzi zili bwino, ndikanapeza poyankhira. Iwo anayandikira, anayang'ana mulu uja nsapato zawo zili patali, n'kulankhula mofatsa ngati ali pa guwa.

"Mlamu, mwayesetsa chomene. Palibe angakunyozeni."

Ndinagwada pa fumbi lomwelo, pamaso pa msika wonse, ndinapempha mwezi umodzi wokha. Ndinati nsomba ndinagula, zilipo, zangosochera. Iwo anati akumvetsa, koma pangano ndi pangano, komanso galimoto imene yandibweretsa ikubwerera pompano, ndipo mawa ali ndi ntchito kumpingo. Ndinatembenukira kwa apongozi. Iwo anawerama, n'kutulutsa pansi pa mpando jumbo yomanga kale, muli madiresi awiri a Tiwonge ndi makope ake. Anali ataimanga ine ndisanafike, thumba lisanatsegulidwe. Pamenepo ndinadziwa kuti ngakhale ndikanabwera ndi nyanja yonse, anthu awa sankayembekezera kanthu kwa ine, ndipo ndinawada.

Ndinamasula nsalu ija kuti ndiitaye pa mulu womwewo, pakuti sindinkafunanso kuona mano a munthu uja akundiseka. Tiwonge anaigwira isanagwe. Anati kumsewu kuli fumbi ndipo alibe chofunda. Anandiuzanso chapansipansi kuti ndisalire pamsika, anthu akuona, ndipo Khirisimasi abwera. Mwana wa zaka khumi ndi zitatu ndiye ankandilimbitsa ine.

Alamu anakhala kutsogolo ndi dalaivala. Tiwonge anakwera kumbuyo, pamwamba pa matumba a nyemba, pakati pa amayi amene ankabwerera ku Bolero ndi ku boma. Injini italira, onse anamasula nsalu n'kudzifunda kumutu. Ndinathamangira m'mbali mwa msewu kuti ndimubayibitse mpaka pa kona. Galimoto itatembenuka, ndinaona mitu inayi yofundidwa nsalu imodzimodzi, nkhope yomweyo ikuseka pa mutu uliwonse. Ndinakweza dzanja, koma sindinadziwe kuti mwana wanga ndi uti.